Mazinga Atatu pa Tayirodi ya Kumanja

Loweruka, mwezi wa Juni, 1997

Lero ndadzuka mtima uli wolemera, ngati ndaiwala chinthu koma osadziwa kuti n'chiyani. Kunja chisanu chinali chitayeretsa malata ndi galasi la galimoto, utsi wa malasha utakuta Reiger Park yense, dera limene timakhala kuno ku Joni. Kenako ndinamva a Mbewe akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo ndinakumbukira. Lachiwiri akupita kumudzi, ndipo kuno sadzabweranso.

A Mbewe si achibale athu a magazi. Iwo ndi abambo anakumana ali anyamata pa ulendo wobwera ku migodi, nagona chipinda chimodzi m'komponi zaka zambiri. Tsopano amakhala m'chipinda choyandikana ndi chathu. Tsiku limene ine ndi amayi tinafika kuno kuchokera ku Ntcheu, ndi iwo amene anandiveka jekete lawo pa siteshoni ya Germiston, poona kuti ndikunjenjemera. Fumbi la mumgodi linawalowa m'chifuwa, ndipo kuchipatala anati palibenso chochita. Akufuna akagone pafupi ndi manda a mayi awo ku Dedza. Basi sangaikwanitse, chifukwa sangakhale tsonga masiku awiri. Choncho abambo apempha tchuthi kuntchito kwawo ku Isando kuti akawatule pa galimoto yathu yakale ija, atagona pa matiresi.

Vuto linali chiwongolero. Chinayamba kusewera, ndipo pa mabampu kutsogolo kumamveka gugudu gugudu. A Mbewe anagwirako ntchito m'galaja atachoka mumgodi, ndiye ndi amene amadziwa matenda a galimoto. Sabata yatha anauza abambo kuti anyamule kutsogolo ndi jeke n'kugwedeza tayala uku ndi uku. Atangomva kulira kwake anati, "Matayirodi am'kati atha onse awiri. Galimoto iyi isanakatule ine, iyambe yachira yokha."

Amayi anapita kuntchito ku Kempton Park m'mamawa, motero pakhomo tinatsala atatu. Dzuwa litafika pabwalo, abambo anawanyamula a Mbewe n'kuwakhazika pa mpando pafupi ndi galimoto. Ine ndinawafunditsa bulangete.

"Nachisale," anandiitana, chifukwa dzina langa loti Esinati salitchula, "tenga kope lako lija umalembamo zinsinsi. Lero ndiwe kalaliki wa galaja."

Anandifotokozera bwinobwino. Tayirodi ndi chitsulo chimene chimakankha ndi kukoka tayala munthu akapotoza chiwongolero. Ili ndi zigawo ziwiri: yam'kati, imene yatha, ndi yakunja, imene imamangidwa pa mazinga a yam'katiyo. Pomasula yakunja uyenera kuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti pobwezera pa chitsulo chatsopano izungulirenso chimodzimodzi. Ukaphonya, matayala awiri akutsogolo sayang'ananso njira imodzi.

"Kuno kutauni ukhoza kuyenda nazo sabata osadziwa," anatero. "Koma msewu wa Tete ndi wotentha. Tayala limadyeka mbali imodzi mpaka mawaya kuonekera, kenako phuu! Ndipo ife sipeya tili nayo imodzi."

"Bwanji osawerenga abambo okha?" ndinafunsa.

"Bambo akowa? Awa manja akamagwira ntchito mutu umapita kutchuthi."

Abambo sanamve. Makina oboolera miyala anawagonthetsa khutu limodzi, ndipo linalo limamva mawu okuwa okha. Dzanja lawo lamanzere lilibe zala ziwiri. Ndikawafunsa amangoti zinatsala mumgodi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tinayamba ndi kumanzere. Abambo anaika njerwa kumatayala akumbuyo, anakweza galimoto n'kuikhazika pa zipika, anachotsa tayala. Anamasula pang'ono nati yotsekera, anazula kapini, kenako anamenya ndi hamala mpaka mutu wa tayirodi yakunja unadumpha pamalo pake. Ine ndinagwada pafupi n'kumawerenga mumtima pamene iwo ankapotokola. Inazungulira ka 17. Ndinalemba, n'kudula mzere pansi pake.

Pamene abambo ankavula mphira wakuda wotchinga fumbi ndi kulimbana ndi chitsulo cham'kati ndi sipanala yaikulu ya bobojani, a Mbewe anayamba kulankhula. Sankayang'ana ife, ankayang'ana phiri la mchenga wachikasu wa mumgodi limene limaonekera kuseri kwa nyumba za anthu. Ndilemba mmene ndikukumbukira.

"Ine pochoka kwathu amayi anandipatsa chinangwa chouma ndi singano. Chinangwa ndinadya tisanafike ku Blantyre. Singano ndili nayo mpaka lero. Ku Blantyreko anatikweza ndege, imene ndinali ndisanaionepo pafupi. Bambo akowa anakhala pambali panga, anasanza ulendo wonse mpaka ku Francistown, ine n'kumawagwirira kapepala. Ubale wathu unayambira pa masanzi.

"Kufika kuno anativula tonse, akulu ndi ana omwe, n'kutiyeza ngati ng'ombe za pamsika. Kenako anatilowetsa m'chipinda chotentha, kukwera pa mwala, kutsika, kukwera, kutsika, kuti aone amene agwe. Amene sanagwe ndiye amapita pansi penipeni. Ife tinkanyada kuti sitinagwe. Uchitsiru wake!"

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinawapatsa madzi ofunda.

"M'komponi tinkagona pa mashelefu a simenti, munthu pamwamba pa mnzake. Lamulungu tinkasokerana zigamba, kumetana, kulemberana makalata. Bambo ako ndi amene ankandilembera anga. Ndikati lembani kuti ndili bwino, iwo ankawonjezera zachikondi za m'mutu mwawo. Mkazi wanga ankaganiza kuti Joni yandiphunzitsa kulankhula."

Apa ndinaseka, ndipo abambo anatulutsa mutu kufunsa kuti tikuseka chiyani. "Tikuseka inu, madala!" anakuwa a Mbewe. "Mangani chitsulocho chilimbe, mupinde kawashala kuti chisamasuke. Musaiwale girizi."

Kumanzere kunatha bwino. Tinasamukira kumanja dzuwa lili pamutu.

Chiyambireni kumveka kuti abambo akupita kumudzi, anthu sakutha pakhomo pathu. Aliyense ali ndi kaphukusi kopita kwa mayi ake kapena kwa ana. Abambo atangoyamba kupotokola tayirodi yakunja ya kumanja, ine nditafika pa 9, pachipata panamveka, "Odi kuno!"

Anali Che Bwanali, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene amagulitsa zipewa ndi masokosi pafupi ndi malo okwerera matekisi ku Germiston. Amayi kulibe, ndiye wolandira alendo ndine. Mlendo wamkulu sungamusiye ataima pachipata ndi katundu m'manja. Miyendo inanyamuka yokha ndisanaganize. Ndinatsegula, ndinagwada, ndinalandira phukusi ndi manja awiri, ndinawapatsa moni, iwo anafunsa za amayi ndi za sukulu, ndinakawatengera mpando. A Mbewe anali atatembenukira kwa mlendoyo. Abambo, mutu uli m'kati mwa madigadi, sanamve odi, ndipo sanaleke kupotokola.

Pobwerera ndinapeza chitsulo chili m'manja mwawo.

"Zingati, mwana wanga?" anafunsa, akumwetulira. Kenako anauza Che Bwanali kuti, "Uyu ndiye kalaliki wathu. Masamu amakhoza kuposa ana a kuno."

"Mashallah," anatero Che Bwanali. "Ameneyu adzatilembera makalata tonse."

Maso a anthu atatu akuluakulu anali pa ine. Ndinaganiza kuti galimoto ndi imodzi, mbali ziwirizi sizingasiyane.

"Seventini," ndinatero.

Ndinalemba 17 m'kope muno. Nambalayo ikuoneka mpaka pano pamwamba pa tsamba, ndipo pansi pake palibe mzere.

Che Bwanali anamwa tiyi, anagwira dzanja la a Mbewe nthawi yaitali, kenako anatsanzika. Abambo anapitiriza ntchito. Chitsulo cham'kati cha mbali imeneyi chinavuta, mpaka anachita kulowetsa paipi ku bobojani kuti atalikitse mkono. A Mbewe anabwerera ku nkhani zawo.

"Ndinapitako kumudzi kamodzi, ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Anthu anandilandira ngati boma. Koma mwana wanga Yohane anathawira kuseri kwa nkhokwe. Amake kumukoka, iye n'kumati, bambo awa achoka liti? Usiku ndinkadzidzimuka kufuna nsapato za mumgodi. Nkhani za kumunda sindinkazitsata, za ine iwo sankazimva. Itatha miyezi itatu ndinanyamuka. Ndinati chaka chimodzi chokha. Ndi chimenechi chaka chimodzicho, Nachisale. Amake anamwalira ine ndili kuno. Yohane tsopano ali ndi ana ake, ndipo sindikudziwa ngati akandipatse mpando."

Ine ndinkamva ndi khutu limodzi. Maso anga anali pa dzanja la abambo likubwezera chitsulo chakunja, iwo akuwerenga mokweza mpaka seventini. Anamanga nati. Analowetsa kapini katsopano. Anabwezera tayala, anatsitsa jeke. Galimoto inaima pa miyendo yake ngati yachira.

Abambo anapukuta manja ndi chiguduli, n'kuyamba kuwerengera njira pa zala zawo zotsalazo. Kunyamuka Lachiwiri kusanache, Beitbridge madzulo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka mlatho wa Tete, kenako kukwera mapiri mpaka ku Dedza. "Pakati pa Tete ndi malire palibe pogula ngakhale chigamba," anatero. "Koma achimwene musade nkhawa. Mukamwa madzi a kwanu."

Ndinawaona a Mbewe m'maganizo mwanga atagona pa matiresi m'mbali mwa msewu, dzuwa likuwawotcha, tayala litaphulika, abambo ataima pamsewu kuimitsa magalimoto osaima. Ndinaona akufera m'dziko la eni, pakati pa njira, osafika kuno osafika kwawo, chifukwa cha ine.

Ndinagwada pafupi ndi khutu labwino la abambo.

"Ababa, kumanja sindinawerenge."

"Wati chiyani?"

Ndinayenera kukuwa, ndipo mayi wa nyumba yaikulu, mwini malo amene timachita lendi, amene ankayanika zovala, anatembenuka. "Kumanja sindinawerenge! Ndinalekera pa naini, ndinapita kukalandira alendo. Seventini ndinangopeka."

Abambo anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Sanandimenyepo chibadwire, koma lero anandikalipira mokweza. "Unangopeka? Moyo wa munthu unangopeka? Ntchito imodzi yokha imene tinakupatsa! Ndiye ndimakutama pamaso pa anthu, iwe ukundinamiza? Sukulu imene umapitayo amakuphunzitsa zimenezi?"

Misozi inayamba kugwera pa siketi yanga.

"Chisale," anatero a Mbewe. Mawu awo anali otsika, ndiye anagogoda ndodo pa bampala kuti abambo atembenuke. "Chisale, bwerani kuno. Khalani apa, mbali ya khutu lanu lamoyo. Musiyeni mwanayo."

Abambo anakhala pa chitini cha penti.

"Pali nkhani imene ndimati ndikakuuzani tikawoloka Tete, kuti mukakwiya musakhale ndi pondisiya. Koma ndinene lero. Tsiku lija la mwala. Mukukumbuka kuti wogogoda denga ndinali ine?"

Anatembenukira kwa ine. "Mumgodi, Nachisale, akaphulitsa miyala, munthu mmodzi amalowa patsogolo ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umalira ngwee, ngati belu. Mwala wofuna kugwa umalira ngati ng'oma yonyowa. Ukamva zimenezo umakuwa kuti pasopa, ndiko kuti chenjerani, anthu n'kubwerera. Tsiku limenelo ndinagogoda, ndipo unalira ngati ng'oma. Koma kapitawo anali atanditukwana kale m'mawa kuti ndine mampara, chitsiru, ndimachedwetsa ntchito ndi mantha a kumudzi. Mzungu anali ataima pomwepo ndi wotchi. Anthu onse maso pa ine. Ndinati mwina makutu anga andinamiza. Ndinakweza dzanja kuti lowani."

Anapuma, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Unagwa tisanathe ndi ola lomwe. Mnyamata wa ku Mozambique, Fernando, amene ankatiimbira nyimbo posamba, anatsala pomwepo. Bambo ako anatuluka opanda zala. Pofunsidwa ndinati denga linalira bwino. Chisale, zala zanuzo ndinadya ndine. Mwandisunga, mwandidyetsa, mukufuna kundinyamula mpaka kwathu, ndipo ine zaka zonsezi ndili chete. Mwana uyu wakhala chete maola awiri okha, ndipo wanena galimoto isanatuluke pachipata. Mukamukalipira iyeyu, ine mundichita chiyani?"

Ndege inadutsa pamwamba kupita ku bwalo la ndege, ndipo tinadikira kuti phokoso lake lithe. Abambo ankayang'ana dzanja lawo lamanzere, akulitembenuza.

"Achimwene," anatero potsiriza, "tsiku limenelo ndinali pambuyo panu penipeni. Nthawi imeneyo makutu anga anali amoyo onse awiri."

A Mbewe anadzutsa mutu.

"Ndinamva nanenso. Unalira ngati ng'oma. Ndinadikira kuti munene inu, poti ndinu aakulu. Inu mutakweza dzanja, ine ndinali woyamba kulowa. Ndimaganiza kuti inu simunamve. Ndimati mlandu wa Fernando ndi wanga ndekha."

Sindinaonepo amuna aakulu akulira popanda maliro. Sanakumbatirane. A Mbewe anangotulutsa dzanja m'bulangete n'kugwira dzanja la abambo lopanda zala lija, ndipo anakhala choncho. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa sizinali zoti mwana aziona.

Patapita nthawi a Mbewe anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Basi. Dzuwa likupita. Nachisale, zitsulo zakale zija zili kuti? Ndinati musataye."

Zinali m'beseni losweka kuseri kwa chitseko. Ndinabweretsa cha kumanja. A Mbewe anachiyika pa maondo awo n'kundionetsa. Mazinga amene anakhala panja zaka zonse anali a dzimbiri, ofiira. Amene anabisika m'kati mwa nati ndi m'kati mwa tayirodi yakunja anali oyera, akuwala.

"Munthu amaiwala, koma chitsulo chimasunga," anatero. "Bwezera nati yakale ifike pamene dzimbiri layambira. Eya. Tsopano werenga mazinga oyera amene atsala kunsonga. Ndi chikhadabo, limodzi limodzi. Mokweza, bambo ako amve."

Ndinawerenga mokuwa. Anakwana 20. Ndinabwereza, anakwananso 20. Abambo anatenga chitsulocho n'kuwerenga okha ndi msomali.

"Twente," anatero. "Mazinga atatu."

"Atatu amenewo akanatifikitsa ku Harare basi," anatero a Mbewe. "Ine ku Harare ndilibe manda."

Tinakwezanso galimoto. Abambo anachotsa tayala, anazula kapini katsopano kaja, anamenya ndi hamala, anazungulitsa chitsulo katatu kulowa m'kati, ine ndikuwerenga mokweza ngakhale zinali zitatu zokha. Titatsitsa, a Mbewe sanakhutire. Anatituma kukankha galimoto pang'ono kuti ikhazikike, kenako anatipatsa chingwe. Abambo anagwira nsonga imodzi pa mzere wa tayala lamanzere, ine inayo pa tayala lamanja, tinayeza kutsogolo kwa matayala, tinamanga mfundo, tinayezanso kumbuyo kwake. Mfundo inagwera pafupifupi pamalo pomwepo. A Mbewe anaitanitsa chingwecho, anayang'ana pamene chala changa chinatsina, n'kugwedeza mutu.

Abambo anakaiyesa mpaka ku Boksburg n'kubwerera. Akuti chiwongolero chaima chilili ndipo gugudu uja watha. Potsika sanandiyang'ane kumaso, koma anandipatsa makiyi kuti ndikapachike, ntchito imene sapatsa munthu wina aliyense. Amayi atabwera anafunsa chifukwa chake tonse maso ali ofiira. Abambo anati ndi utsi wa malasha.

Ndisanalowe m'nyumba ndinakawatengera a Mbewe bulangete lachiwiri. Anandigwira mkono.

"Zimene ndimakamba zija walemba?"

"Ndilemba, agogo."

"Yohane sadziwa chilichonse cha ine. Amangodziwa njinga. Ndikafika mwina mpweya sudzandilola kulankhula, mwinanso iye sadzafuna kukhala pansi. Koma pepala akhoza kulisunga, n'kudzawerenga mkwiyo utatha."

"Ndilembe ndi za mwala zomwe?"

Anaganiza pang'ono. "Makamaka za mwalazo. Ndi dzina la Fernando ulembe bwino."

Ndafufuta 17 wa kumanja uja ndi mzere umodzi wokha kuti azionekabe, ndipo pambali pake ndalemba 20. Ndikupemphera kuti matayala apirire, kuti a pamalire asawavutitse, ndiponso kuti Yohane akatulutse mpando. Ndikukhulupirira kuti akafika.

Mawa tikabwera ku tchalitchi sindipita kwa anzanga. Ndili ndi kope latsopano limene ndimasungira temu ikubwerayi. Ndikhala nalo pafupi ndi a Mbewe padzuwa, ayambire pa chinangwa ndi singano mpaka pamene mpweya wawo uwalekezere. Wina akagogoda pachipata ndiwapempha kuti ayambe aima kaye. Ndipo pamene sindinamve bwino, ndinena pomwepo kuti, agogo, bwerezani.